Kawayilesi ka "digito" komwe ndidagula ku Kamwala

Ndine telala, ndipo ndimasokera pakhonde la nyumba yanga ku Mtendere, muno mu Lusaka. Ntchito yathu ndi yokhala pamodzimodzi: mapazi pa chopondera, maso pa singano, manja pa nsalu, koma makutu ali pa ulova tsiku lonse. Ndiye kwa ine wayilesi ili m'gulu limodzi ndi sizasi, tepi ndi choko. Yakale yanga, ija yosaka siteshoni ndi kagudumu, idanditumikira zaka 14. Idafa mu Epulo 2024, tsiku lomwe ndidakoka mpukutu wa nsalu ya mayunifomu pashelefu osaona kuti chingwe chake chakoledwa. Idagwa chafufumimba pasimenti, ndipo kuchokera pamenepo inkangolira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.

Loweruka lotsatira ndidapita ku Kamwala kukagula mazipi ndi lainingi. Pobwerera ndidalowa m'sitolo ina ya zamagetsi, mwa zija zothinana zomwe masipika amachita kupikisana pakhomo. Mnyamata wogulitsa adangoona imvi zangazi n'kundiyamba m'Chinyanja cha m'tauni muno: "Ba mudala, osagula vakudala. Tengani iyi, ni digito. Igwila ma station yonse, na ya kunja." Pabokosi padalembedwa DAB+ m'zilembo zazikulu kuposa dzina la kampani. Adayamba ndi K780, tidatsitsana mpaka K650. Pambali pake padali kena kofanana nako ngati mapasa, kopanda zilembo zitatu ndi kamtanda aja, ka K400. Ine ndi nzeru zanga ndidasankha kodula.

Kukula kwake n'ngati buledi wa theka. N'kakuda, kali ndi chogwirira pamwamba, eriyo yokoka, kagalasi koonetsa manambala, tochi kumbali, kasola kumsana, poloweka fulashi ndi memore khadi, Bluetooth, ndi mabatani asanu osungira masiteshoni. Kunyamula n'kopepuka mokayikitsa, koma pulasitiki yake yapirira fumbi la Okutobala ndi kugwa kawiri.

Usiku womwewo ndidayamba ndi chomwe ndidalipirira. Ndidadina batani mpaka kagalasi kadalemba DAB, kamzere kadayamba kuyenda pang'onopang'ono kuchoka kumanzere, ndipo ine ndi amayi a kunyumba tidakhala chete ngati tikudikira zotsatira za mayeso. Kamzere kadafika kumapeto, kagalasi n'kulemba mawu awiri a Chingelezi otanthauza kuti palibe kanthu. Ndidakoka eriyo yonse, chimodzimodzi. M'mawa mwake ndidatuma mdzukulu kukwera nako padenga, chimodzimodzi. Ndidati mwina Mtendere ili m'chigwa, ndiye tsiku lomwe ndidakapereka makatani kwa kasitomala wina ku Ibex Hill ndidakabisa m'chikwama, n'kukayesa ndili pachipata. Ndidakayesanso pawindo la nsanjika yachisanu ndi chimodzi m'nyumba ina ya mu Cairo Road. Konseko kamzere kankayenda ulendo wake wonse n'kubwerako chimanjamanja.

Pamsika wathu pali mkulu wina wokonza mawayilesi ndi ma TV, mnzanga wa zaka zambiri. Adakatembenuza, adawerenga kumsana, n'kuseka mpaka magalasi kutsika pamphuno. "Achimwene, apa palibe chofa. Mwagula mbale yabwino, koma kukhitchini sikunaphikidwe." Ndiye adandifotokozera, ndipo ndibwereza monga ndidamvera.

Pa FM, siteshoni iliyonse imafuna malo akeake pakati pa 87.5 ndi 108, ngati tuntemba tomwe aliyense amafuna kapuloti kake m'mbali mwa msewu, ndipo pamafunika kampata pakati kuti asamagundane zigongono. DAB ili ngati shedi ya msika: denga limodzi, mabenchi ambiri. Mlongoti umodzi umaponya mtolo umodzi, m'kati mwake muli masiteshoni khumi kapena kupitirira, wayilesi n'kumasula mtolowo, kukuonetsa mayina, iwe n'kusankha. Mafunde ake amayenda kumtunda, pakati pa 174 ndi 240 MHz, kumene wayilesi wamba safikako. Koma shediyo pafunika wina ayimange kaye. Ku Britain a BBC adayamba kuponya DAB mu 1995. Ku Norway adafika pozimitsa FM ya masiteshoni a dziko lonse mu 2017. Ku South Africa adayamba kuyesa DAB+ mu 2014 cha ku Johannesburg ndi Pretoria. Kawayilesi kanga kadapangidwira misika ngati imeneyo, kadangosochera n'kudzapezeka ku Kamwala.

Chomwe chidandipusitsa, ndipo ndikudziwa kuti chapusitsa ambiri, ndi nkhani ya TV. Tonse tikukumbuka momwe tidathamangira madekoda pamene TV yakale idazimitsidwa m'mizinda ya m'mbali mwa njanji pa 1 Okutobala 2017, ndi momwe TopStar, kampani ya madekoda ya ZNBC (nyumba ya boma youlutsira mawu) ndi StarTimes ya ku China, idabwerera. Mawu oti "digito" adatilowa m'mutu, moti tidayesa kuti wayilesi nayo idasamuka tsiku lomwelo. Ayi ndithu. Idasamuka ndi TV yokha, pa njira yotchedwa DVB-T2, yomwe si m'bale wake wa DAB. Wayilesi idatsala pa FM pomwe idali. Ndipo mnyamata wa ku Kamwala uja sindikumuyesa wakuba. Kwa iye "digito" ndi wayilesi iliyonse yoonetsa manambala pagalasi m'malo mwa kasingano kofiira.

Nditadandaulira mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene amayendetsa galimoto yopereka katundu ku New Jersey, adandiseka naye pafoni. "Amalume, ngakhale mukadabwera nako kuno sikakadagwira. Kuno tili ndi zathu." Kwawoko ali ndi HD Radio, yomwe bungwe lawo loyang'anira mawayilesi la FCC lidaivomereza mu 2002. Iyo simanga shedi yatsopano. Siteshoni imakhala pa nambala yake ya FM yomweyo, koma imapachika mawu a digito m'mphepete mwa mafunde akewo, moti nambala imodzi imabereka HD1, HD2, nthawi zina HD3. Ndidamuuza kuti zimenezo kuno timazidziwa: ndi landilodi wa ku komboni amene wamanga tizipinda kuseri kwa nyumba yaikulu, geti imodzi, mabanja atatu.

Adandisimbira za siteshoni ina ya ku New York, WCBS-FM, ya pa 101.1. Kuyambira 1972 inkaimba nyimbo zakale, ndipo anthu adakalamba nayo. Tsiku lina mu Juni 2005 eni ake adachotsa zonsezo mwadzidzidzi, aulutsi omwe, n'kuikapo mtundu wina wotchedwa Jack FM, wongosakaniza nyimbo popanda munthu wolankhula. Omvera adakwiya kwabasi. Nyimbo zakale zija adazikankhira ku kachipinda ka kuseri, pa HD2. Patatha zaka ziwiri, mu Julaye 2007, eni ake adagonja: zakale zidabwerera m'nyumba yaikulu, Jack n'kupita kuseri. Mphwangayo adawonjeza kuti tizipinda timeneti ambiri amatimvera m'galimoto mokha, chifukwa ndi ochepa ali ndi wayilesi yotere m'nyumba, ndiponso kuti ukatalikira mlongoti HD2 sichita phokoso la mphepo ngati FM, imangoti zii ngati wina watseka chitseko.

Nkhani imeneyo idandikhudza chifukwa cha batani langa lachitatu.

Mabatani asanu aja ndidawagawa chonchi. Loyamba ZNBC Radio 1. Lachiwiri Radio Phoenix pa 89.5, makamaka chifukwa cha Let the People Talk, pomwe ndimasiya kupalasa makina kuti ndimve bwino anthu akukangana ndi nduna. Lachinayi Komboni Radio pa 94.9, yolankhula monga timalankhulira m'minibasi. Lachisanu BBC pa 98.1, ya usiku tulo tikathawa. Lachitatu lidali la siteshoni ina yomwe masana onse, kuyambira 2 koloko mpaka 5, inkaimba kalindula ndi rumba yakale, ndipo muulutsi wake ankalandira mafoni m'Chinyanja, anthu kupatsana moni kuchokera ku Chaisa, Kanyama, Chawama, mpaka ku Chongwe. Nthawi imeneyo ndiyo ya tulo kwa telala, nsima itakhazikika m'mimba, ndipo gitala wa kalindula amayenda liwiro limodzi ndi chopondera. Madiresi angati a mwambo wa ukwati wa chilanga mulilo ndawapinda mpendero ndi pulogalamu imeneyo!

Lolemba lina ndidadina batani lachitatu n'kumva munthu akufuula kuti amene ali ndi ngongole agwire wayilesi ndi dzanja lamanja. Ndidayesa kuti mdzukulu wasokoneza manambala. Ayi, nambala idali yomweyo. Ola lotsatira kudabwera wogulitsa mankhwala ochiza matenda khumi ndi awiri m'botolo limodzi, kenako anyamata awiri owerenga za kubetcha pa mpira, kenako amapiano mpaka madzulo. Palibe adatsanzika. Muulutsi uja sindidamumvenso, ndipo amayi ena a ku Kalingalinga amene ankaimba foni tsiku lililonse, omwe mawu awo ndidawazolowera ngati a mnansi, adangosowa nawo limodzi.

Sindikuti eni ake ndi oipa mtima. Ndimachita bizinesi, ndikudziwa kuwerengera. Kale wayilesi idali ya boma yokha. Radio Christian Voice idabwera mu 1994, Phoenix mu 1996, ndipo lero pa FM ya Lusaka padzaza ngati pokwerera minibasi pa Kulima Tower nthawi yoweruka. Aliyense amatenga laisensi ku IBA, bungwe loyang'anira zoulutsa mawu, ndi nambala ku ZICTA, bungwe logawa mafunde, koma makampani olipira malonda ndi omwe aja ochepa. Onjezanipo mafuta a jenereta m'chaka chomwe madzi adatsika ku Kariba. Munthu akabwera ndi ndalama m'manja kuti agule ola lathunthu, kalindula wa madala ngati ine, amene sitigula kanthu kupatula ulusi, ndiye woyamba kutulutsidwa. Chondiwawa n'chakuti kuno kulibe kachipinda ka kuseri. Ku New York adawasamutsa, kuno amangotaya katundu panja.

Ndipo ndikaganiza za Radio 1 m'pamene ndimaona chomwe shedi ija ikadatichitira. Pa siteshoni imodziyo pamasinthana zilankhulo zisanu ndi ziwiri: Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale. Aliyense amadikira nthawi yake ngati pa mjigo. Ine sinditseka ikafika nthawi ya ena, moti moni wa Chilozi ndidaphunzirira pomwepo, ndipo makasitomala a ku Mongu amadabwa. Koma taganizani chilankhulo chilichonse chili ndi benchi lake tsiku lonse, pansi pa denga limodzi. Ife amene tidakula tikuunjikana madzulo kumvera Julius Chongo pa Poceza M'madzulo tikudziwa chomwe Chinyanja chimachita chikapatsidwa mpata wokwanira. Ndikadamva kuti zimenezo zayamba, K250 yanga yapamwamba ija sindikadailira.

Tsono fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ndinene za FM, poti ndiyo ndimamvera.

Apa kawayilesi aka kandikondweretsa, ndipo ndisabise. Yakale ija, chifukwa cha kuthinana kwa masiteshoni, inkandipatsa awiri nthawi imodzi: m'busa kutsogolo, mpira kumbuyo. Unkachita kugwira kagudumu ngati ukulowetsa ulusi pa singano usiku. Aka ukalemba 89.5 ndi 89.5 basi, woyandikana naye salowerera. Ndidakauza kuti kasake kokha, kadaima malo 34, ngakhale ena adali siteshoni imodzi yogwidwa kawiri ndipo atatu adali mphepo yokhayokha. Mawu a munthu amamveka bwino ngakhale makina akulira, ndipo kwa ine chimenecho ndiye chachikulu. Nyimbo ndiye pang'ono: besi ya rumba imamveka ngati wina akugogoda chitini, ndipo ukakweza kupitirira 20 pa manambala ake 30 chogwirira chimayamba kunjenjemera.

Batire ndiye lidandiombola. Aliyense wa mu Lusaka akukumbuka 2024, chilala chitalengezedwa kuti ndi tsoka la dziko mu Febuluwale, malaiti n'kumabwera pakati pa usiku ngati mfiti, kuchoka tambala asanalire. Makina anga ndi opalasa, simbi ndi ya makala, ndiye ntchito sidaime, ndipo kawayilesi nako sikadaime. Kakadzaza kamandifikitsa maola asanu ndi anayi pa FM. Ukayatsa tochi, dulani pakati. Chabwino koposa n'chakuti batire lake ndi lija lozungulira ngati chala chachikulu, lolembedwa 18650, ndipo limachoka ukatsegula kachitseko kumsana. Ndidagula lachiwiri ku Town Centre, moti limodzi likamagwira ntchito lina limakhala likudikira malaiti. Musagule wayilesi ya batire lomatiriridwa m'kati, ngakhale akulonjezeni zotani.

Kasola kaja n'kokongoletsa chabe. Kukula kwake ngati mabokosi awiri a machesi. Ndidakaanika padenga kuyambira m'mawa mpaka 4 koloko, dzuwa la Seputembala, ndipo kadandipatsa nkhani za madzulo ndi theka la zamaliro.

Zokhumudwitsa zina ndi zing'onozing'ono koma za tsiku ndi tsiku. Ukamatchaja uku ukumvera FM, pamabwera kulira kwa udzudzu kosalekeza, ndiye umasankha chimodzi. Batire likatheratu, kamaiwala masiteshoni onse asanu, uyambirenso. Batani losaka lokha lili pafupi ndi lokweza mawu, ndipo ukaligwira nthawi yaitali limafufuta zomwe udasunga n'kuikapo zake. Mdzukulu wanga wachita zimenezi katatu, mpaka ndidamatapo kachidutswa ka chitenge ndi guluu. Ndiye pali mzimayi wa m'katimo. Ukangoyatsa amafuula m'Chingelezi kulengeza kuti tsopano tili pa FM kapena pa Bluetooth, ndipo mawu ake satsika ngakhale wayilesi ili pansi penipeni. Ndikafuna BBC 3 koloko usiku ndimayamba ndakavundikira ndi pilo, apo ayi amayi a kunyumba amadzuka n'kufunsa kuti ndi ndani ameneyo. Komanso kuti ufike pa Bluetooth kuchokera pa FM uyenera kudutsa pa DAB, pomwe kamaima kusakasaka zomwe kulibe, ngati munthu wogogoda pa nyumba ya bwinja tsiku lililonse.

Kalibe shotiwevu, mafunde aja ofika kutali. M'tauni simungazindikire, koma nditapita nako kumudzi ku Katete, titangowoloka mlatho wa Luangwa masiteshoni a Lusaka adali atatha kalekale, ndipo m'mapiri muja mudali zii. Yakale ija inkagwira kenakake paliponse. Amene mukugulira makolo akumudzi kwenikweni, funsani za shotiwevu musanafunse za china chilichonse.

Bluetooth ndiyo yasanduka "digito" yanga yeniyeni, mosayembekezera. Mdzukulu adandiikira pafoni njira yomvera Breeze FM ya ku Chipata pa intaneti, foni n'kumaponyera mawu ku kawayilesi. Ndimamva Chichewa cha kwathu, mitengo ya fetereza, mauthenga a maliro a midzi yomwe ndikuidziwa. Koma zimadya mabandulo, ndiye ndimachita Loweruka ndi Lamulungu m'mawa mokha, ngati nyama. Pa dekoda ya TV palinso mbali ya mawayilesi, mawu ake oyera bwino, koma dekoda imafuna malaiti ndi TV yoyaka, ndipo sungayinyamule kupita nayo pakhonde. Pa fulashi ndidaikamo kalindula wanga, maola anayi athunthu. Amaimba bwinobwino, koma fulashi silandira mafoni a ku Kalingalinga.

Ndidabwererako ku sitolo kuja patatha milungu itatu, lisiti m'thumba. Mnyamata uja adandilandira mwaulemu, adayesa yekha, adatulutsa kena m'bokosi n'kuyesanso, adapita nako panja n'kukweza m'mwamba ngati akusaka netiweki. Kenako adati, "Mwina ni area, ba mudala." Ndidamuuza kuti area yake ndi Zambia yonse yomwe ndapondamo. Mwini sitolo adatuluka n'kuloza chikwangwani choti katundu wogulidwa sabwezedwa, ndipo adati wayilesi ikulira, ndiye siyakufa. Pamenepo sadaname. Tidakambirana mpaka adandipatsa chingwe chotchajira chapadera kuti ndizipita. Bokosi la DAB+ lidakali pashelefu yomweyo, ndidaliona mwezi watha, ndipo mtengo wakwera.

Minibasi yochokera m'tauni kubwera kwathu imadutsa mu Alick Nkhata Road, pafupi ndi Mass Media pomwe pali ZNBC. Tsiku limenelo, kawayilesi kali pamiyendo, ndidakumbuka malemu bambo anga akusimba za wayilesi yoyamba kufika m'mudzi mwathu, ija ankaitcha Saucepan Special chifukwa idali yozungulira ngati sefuliya, yopakidwa utoto wa buluu. Idatuluka mu 1949, yopangidwa ndi a Ever Ready, mtengo wake mapaundi asanu, batire padera. Siteshoni ya Lusaka idali itayamba kale kuulutsa mu 1941, ndipo pambuyo pake inkamveka mpaka ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia, m'zilankhulo zathu, a Alick Nkhata omwewo ali m'gulu la aulutsi. Nthawi imeneyo mawu adali kale m'mlengalenga, chosowa chidali chogwirira, ndiye adapanga sefuliya yotchipa kuti anthu atunge. Ine ndidali nditanyamula chotungira chamakono, chitsime chisanakumbidwe.

Amayi a kunyumba, ataona zonsezi, adapita okha ku Kamwala mu Disembala n'kugula kamapasa kaja kopanda zilembo, kuti kazikhala kukhitchini. Ndakayesa mbali ndi mbali ndi kanga. FM yake ndi yomweyo, sipika yomweyo, batire lomwelo la 18650, mzimayi wofuula yemweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti kawo ukadina batani kamachoka pa FM kupita pa Bluetooth osaima panjira. Adagula K430, ndipo amandikumbutsa mtengowo nthawi iliyonse ndikawafunsa za ndalama ya ndiwo.